Ma log a kompyuta: mmene mzere umasandukira mndandanda, nkumausanja ndi ma function

Pali funso lomwe likumabwera pafupipafupi kwa achinyamata amene akuphunzira za kompyuta kuno ku Dedza, makamaka aja apeza kaganyu koyang'anira Wi-Fi ya pa malo ogona alendo kapena kasisitimu ka pa shopu pa boma apa. Munthu watsegula fayilo ya ma log wapeza mizere zikwizikwi yothithikana, abwana akufuna kudziwa kuti ndi anthu angati analephera kulowa pa netiweki dzulo usiku, iye wangoti kakasi. Akafunsa kwa odziwa amangomuyankha kuti "ingopanga split kenako filter" basi, ngati aliyense anabadwa akuzidziwa zimenezo. Nde tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono, chifukwa ma function akewo ndi ochepa komanso osavuta, zimene zimagwetsa anthu ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe sitinenedwa kawirikawiri.

Log ndi chani kwenikweni

Log ndi kaundula amene makina amalemba okha. Munthu akalowa pa netiweki, seva ikazima nkuyakanso, wina akalemba pasiwedi yolakwika, pulogalamu imalemba mzere umodzi wonena kuti chachitika ndi chakuti nthawi yakuti, kenako mzere wina pansi pake, choncho mpaka fayilo kutupa. Chizolowezi chimenechi nchakale ndithu. Njira yotchuka yotchedwa syslog anaiyamba Eric Allman m'zaka za m'ma 1980 pomwe ankapanga pulogalamu ya maimelo ya Sendmail, ndipo malamulo ake amene akugwira ntchito pano analembedwa mu 2009 mu chikalata cha RFC 5424. Mu syslog uthenga uliwonse uli ndi mulingo wosonyeza kukula kwa nkhani, kuyambira 0 kufika 7, pomwe 0 ndi ngozi yeniyeni yoti makina sakugwira ntchito, 3 ndi error, ndipo 7 ndi debug, timauthenga tija tambirimbiri tothandiza wolemba pulogalamu yekha.

Tiyerekeze kuti kasisitimu kogulitsa mavocha a Wi-Fi kalemba mzere uwu:

2025-03-14T19:42:10Z wifi1 login ok v204 192.168.1.23 foni,android,vocha

Inuyo mukauyang'ana mukuona nthawi, dzina la makina, chimene chachitika, zotsatira zake, nambala ya vocha, adiresi ya IP (nambala yozindikirira foni kapena kompyuta pa netiweki), ndi timawu titatu kumapeto. Kompyuta siikuona zimenezo ayi. Kwa iyo uwu ndi mtanda umodzi wa zilembo zondondozana kuyambira pa 2 kukathera pa a, siikudziwa kuti nthawi yathera pati kapena IP yayambira pati. Ntchito yonse yosintha ma log, kaya mukufuna kuwerengera, kaya kutumiza ku database, kaya kujambula chithunzi cha abwana, imayamba ndi kuusandutsa mtanda umenewu kukhala zidutswa zoti mutha kuziloza chimodzichimodzi.

Mndandanda ndi function

Mndandanda, umene mu Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu) amauti list ndipo mu JavaScript (chilankhulo china) ndi JSON (kalembedwe kosungira uthenga komwe chinthu chimatha kukhala ndi dzina lake) amauti array, ndi zinthu zingapo zoikidwa motsatana, chilichonse chili ndi malo ake odziwika. Function ndi kachidutswa ka pulogalamu kokhala ndi dzina, mumakapatsa chinthu, kamagwirapo ntchito imodzi nkukubwezerani china. Basi.

Amene munaimapo pa msika wa Lizulu kapena pa Tsangano mwaziona kale zimenezi ndi maso. Thumba la kachewere likafika kuchokera kumunda silingagulitsidwe lili chomangidwa, amayamba alikhuthula pansi kuti mbatata iliyonse ioneke payokha, ameneyo ndiye split. Mayi aja akamachotsa zowola ndi zobooka ndi khasu nkusiya zabwino, ndiye filter. Akamapukuta dothi pa mbatata iliyonse, chiwerengero osasintha koma iliyonse yasintha maonekedwe, ndiye map. Kuika zikuluzikulu uku ting'onoting'ono uko ndi sort, kuwerenga kuti zakwana zingati ndi count, ndipo kuthira mu ndowa kuti wogula anyamule kamodzi ndi join. Ma function amene mungawafune pa ma log ambiri ndi omwewa, kuonjezerapo otolera chinthu chimodzi pa malo amene mwatchula.

Kudula, pamene pagona nkhani

Function ya split mumaipatsa mzere ndi chizindikiro chodulira. Mu Python mukalemba zidutswa = mzere.split(" ") ndiye kuti mwaiuza kuti paliponse pali mpata idule. Mzere wathu uja utuluka zidutswa 7, nthawi payokha, wifi1 payokha, choncho mpaka kumapeto. Chidutswa chomaliza chija, foni,android,vocha, nachonso ndi mndandanda wobisala, mutha kuchidulanso pogwiritsa ntchito mpatuliro nkupeza timawu titatu. Mndandanda mkati mwa mndandanda, zimenezi mu ma log zimapezeka kwambiri.

Pofika apa zonse zikuoneka bwino eti? Nde taonani mzere wotsatira umene kasisitimu komweko kalemba patangopita mphindi ziwiri:

2025-03-14T19:44:02Z wifi1 login failed wrong code v311 192.168.1.40 foni,android

Apa makina aonjezera chifukwa chake munthuyo walephera, mawu awiri, wrong ndi code, ndipo pakati pawo pali mpata. Split siiganiza, yadula pomwepo, zidutswa zatuluka 9 m'malo mwa 7, ndipo pamalo pamene munazolowera kupeza vocha pali mawu oti wrong, pamalo a IP pali code. Choopsa nchoti pulogalamu siidandaula, imangopitiriza mosangalala, nde mu lipoti lanu mupeza kuti pali kasitomala wina dzina lake wrong amene analephera kulowa kambirimbiri usiku wonse, mpaka mungayambe kuganiza kuti ndi mbava ikufuna kuthyola sisitimu.

Njira zothanirana nazo zilipo zingapo. Ina ndi kuiuza split kuti idule kangapo kokha, mwachitsanzo mzere.split(" ", 4) imadula kanayi nkusiya zotsalazo ngati chidutswa chimodzi choti muchione padera. Ina ndi kuwerenga kuchokera kumapeto, tibwerako posachedwa. Ngati amene analemba pulogalamu anatsekera uthengawo m'mitengero, musalimbane ndi split wamba, gwiritsani ntchito csv ya mu Python momwemo, chida chowerengera ndi kulembera mizere yogawidwa ndi mpatuliro kapena chizindikiro china, imadziwa kuti mpatuliro kapena mpata uli mkati mwa mitengero si podulira. Ndipo ngati muli ndi mphamvu yosintha mmene ma log akulembedwera, kulemba ngati vocha=v311 ip=192.168.1.40 kapena kulemba mu JSON kumachotsa vuto lonseli, chifukwa chinthu mumachipeza ndi dzina osati ndi malo.

Pali timisampha tina tiwiri ta split toti mungotidziwiratu. Pakakhala mipata iwiri yotsatana, split(" ") imakupatsani kachidutswa kopanda kanthu pakatipo, ndipo zonse zakutsogolo zimasuntha ndi malo amodzi, pomwe split() yopanda chilichonse mkati imatenga mipata yonse yotsatana ngati umodzi. Kachiwiri nkodabwitsa: mukadula mawu opanda kanthu ndi mpatuliro, "".split(","), simupeza mndandanda wopanda kanthu ayi, mupeza mndandanda wa chinthu chimodzi chomwe ndi chopanda kanthu. Nde ngati mukuwerenga kuti munthu aliyense ali ndi timawu tingati kumapeto kuja, amene alibe kalikonse aziwerengedwa kuti ali ndi kamodzi. Pa mizere khumi simungaone, pa mizere ya mwezi wathunthu masamu onse apotoka.

Kuwerenga kuyambira pa 0

Ichi chimasokoneza pafupifupi aliyense poyamba. Mu Python, JavaScript, C ndi zilankhulo zina zambiri, chinthu choyamba mu mndandanda chili pa nambala 0. Nde zidutswa[0] ndi nthawi, zidutswa[3] ndi ok kapena failed, ndipo mndandanda wa zinthu 7 umathera pa 6. Mukapempha zidutswa[7] Python imaima nkukuuzani IndexError. Koma si zida zonse zimatero, awk, chida chodulira mizere cha pa Linux, imayamba pa 1, pomwe $1 ndi chidutswa choyamba ndipo $0 ndi mzere wonse, chilankhulo cha Lua nachonso chimayamba pa 1, chimodzimodzi split_part ya mu database ya PostgreSQL. Munthu akakopera nambala kuchokera ku awk kupita ku Python osachotsapo 1 amatola chidutswa choyandikana nacho, ndipo apanso palibe chimene chimalira.

Python ili ndi kanthu kabwino koti mukaika nambala yochotsera imawerenga kuchokera kumbuyo. zidutswa[-1] ndi chomaliza, zidutswa[-2] ndi chachiwiri kuchokera kumapeto. Bwererani ku mizere yathu iwiri ija muone, mu wa ok ndi mu wa failed momwemo IP ili pa -2 ndipo vocha ili pa -3, ngakhale pakati paja pachuluke mawu chotani. Palinso slice, yotenga chigawo, zidutswa[1:3] imakupatsani za pa 1 ndi pa 2, ya pa 3 siilowa, nambala yomalizayo ndi poimira.

Mudzamvanso mawu oti head ndi tail, head ndi chinthu choyamba, tail ndi zonse zotsala mukachotsa choyambacho. Maganizo amenewa anachokera ku Lisp, chilankhulo chimene John McCarthy anayamba mu 1958, kumeneko amati car ndi cdr.

Kusefa, kusintha ndi kuwerengera

Mukadula mzere uliwonse muli ndi mndandanda waukulu wa mizere, mzere uliwonse uli mndandanda pawokha. Filter mumaipatsa funso loyankhidwa inde kapena ayi, monga "kodi pa 3 palembedwa failed?", imayenda mzere ndi mzere nkusunga okhawo ayankha inde. Map mumaipatsa kachitidwe kamodzi koti ichite pa chilichonse. Len imakuuzani kuti zilimo zingati. Nde funso la anthu olephera kulowa lija ndi split, filter, len, lathapo.

Kapena silinathe. Mwaiona Z ija kumapeto kwa nthawi? Ikutanthauza kuti nthawiyo ndi ya UTC, nthawi imene maiko onse amayezerapo nthawi zawo, ndipo Malawi ili patsogolo ndi maola awiri. 19:42 ya mu log ndi 21:42 ya kuno. Chinthu chimene chachitika 00:30 usiku wa pa 15 kuno ku Dedza, mu log chalembedwa 22:30 pa 14. Nde mukayamba ndi filter yosankha deti musanapange map yosintha nthawi, "dzulo" lanu likhala litatenga maola awiri a lero mbandakucha nkutaya maola awiri oyambirira a dzulo lenileni. Ma function ndi omwewo, koma amene wayamba ndi amene watsatira zimasintha yankho.

Komanso abwana akati "anthu angati", akufuna anthu kapena maulendo? Munthu mmodzi amene wasokoneza nambala ya vocha atha kuyesa kasanu, imeneyo ndi mizere isanu. Kuti mupeze anthu muyenera kutola mavocha okha ndi map, kenako kuchotsa obwereza. Mu Python anthu amathamangira set, imachotsadi obwereza koma imasokoneza ndondomeko, amene anali woyamba atha kupezeka pakati. Ngati ndondomeko ikufunika pali dict.fromkeys, yomwe kuyambira Python 3.7 imasunga mmene zinthu zinalowera.

Pa sort napo pali kamsampha. Chilichonse chochokera mu split ndi mawu, ngakhale chikuoneka ngati nambala. Mukasanja "9", "10" ndi "200" ngati mawu, 10 ibwera poyamba, kenako 200, 9 kumapeto, chifukwa kompyuta ikuyerekeza chilembo choyamba chokha kaye. Muyenera kuzisandutsa manambala enieni ndi int musanasanje. Ndipo dziwani kuti ma function ena amabweza mndandanda watsopano pomwe ena amasintha womwewo uli m'manja. Sorted imabweza watsopano, koma sort ndi append (yoonjezera chinthu kumapeto) zimasintha pomwepo nkubweza None, kutanthauza palibe kanthu, nde amene walemba zidutswa = zidutswa.append("x") wadzifufutira yekha mndandanda wake wonse.

Chitsanzo cha pa intaneti yeniyeni

Amene mukuyang'anira webusaiti mudzakumana ndi X-Forwarded-For, kagawo ka pempho la mlendo konyamula ma adiresi a IP a kumene lachokera ndi kumene ladutsa. Munthu akatsegula tsamba lanu, pempho lake nthawi zambiri silifika mwachindunji, limadutsa pa makina ena apakati otchedwa proxy, ndipo aliyense amaonjezera kumapeto adiresi ya amene wamupatsira. Mu log zimaoneka chonchi:

203.0.113.7, 198.51.100.20, 10.0.0.4

Uwu ndi mndandanda wachidziwikire. Dulani ndi mpatuliro, kenako map ya strip yochotsa kampata kaja kali kutsogolo kwa adiresi yachiwiri ndi yachitatu, apo ayi " 10.0.0.4" ndi "10.0.0.4" ziziwerengedwa ngati makina awiri osiyana. Yoyamba kumanzere ndiyo imayenera kukhala ya mlendo weniweniyo, nde ambiri amangotenga head. Vuto nloti gawo lakumanzereli mlendoyo atha kulemba yekha chilichonse chimene akufuna asanatumize. Nchifukwa chake a zachitetezo amawerenga kuchokera kumanja, kudumpha ma proxy amene akuwadziwa kuti ndi awo, nkutenga adiresi yoyamba yachilendo. Ngati mukungofuna chithunzi cha kumene alendo anu akuchokera, head ikwanira. Ngati mukufuna kutsekera munthu kunja potengera adiresiyo, kudalira head ndi kumupatsa mwayi woti akunamizeni kapena atsekeretse wina wosalakwa.

Kulumikizanso, ndi mayina a m'zida zina

Mukamaliza kusefa ndi kusintha, join imabweza zidutswa kukhala mzere umodzi ndi chizindikiro chimene mwasankha, ",".join(zidutswa) mwapeza mzere wa CSV woti utseguke mu Excel. Kungoti ngati chidutswa china chili kale ndi mpatuliro mkati, ngati foni,android,vocha chija, mwamupangira amene adzadule pambuyo panu vuto lomwe lija tinayamba nalo. Lolani csv ikulembereni, imaika yokha mitengero pofunika.

Sikuti zonsezi nza Python yokha. Syslog-ng, pulogalamu yosonkhanitsa ma log imene Balázs Scheidler wa ku Hungary anayamba mu 1998, ili ndi ma function ake monga list-head, list-tail, list-nth, list-slice, list-count, list-append ndi list-concat, kudula amati explode ndipo kulumikiza amati implode, ndipo list-nth imayamba pa 0. Logstash, pulogalamu ina ya ma log, ili ndi split, join ndi merge mkati mwa gawo lake lotchedwa mutate. Jq imachita map ndi select pa JSON. Ngakhale MapReduce imene Jeffrey Dean ndi Sanjay Ghemawat a ku Google anafotokoza mu 2004 ndi maganizo omwewa a map ndi kusonkhanitsa zotsatira, kungoti ntchitoyo yagawidwa pa makina ochuluka. Mukazimvetsa pa chida chimodzi, pa chinacho mungofunika kuona dzina ndi kufufuza ngati akuyamba pa 0 kapena pa 1.

Zikutikhudza pati

Choyamba ndi bandulo. Ngati makina ali ku Ntcheu akutumiza ma log ku seva ya ku Lilongwe kapena yakunja pa netiweki ya foni, mzere uliwonse ndi ndalama. Filter yotaya mauthenga a mulingo 7 asananyamuke, ndi map yochotsa zidutswa zosafunika, zimapungula katunduyo kwambiri. Chimodzimodzi memory ya laputopu, fayilo ikakhala yaikulu musaikweze yonse mu mndandanda umodzi, kalaputopu ka 4GB kangouma, werengani mzere umodzi, dulani, sefani, lembani, kenako wotsatira.

Chachiwiri ndi chinsinsi cha anthu. Ma log amanyamula manambala a foni, ma IP, nthawi zina mpaka mayina, ndipo Malawi ili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA ndiyo inapatsidwa kuyang'anira. Map yophimba nambala nkusiya zilembo zitatu zomaliza musanatumize fayilo kwa munthu wina ndi ntchito ya mzere umodzi wokha. Pa manambala pomwepa, nambala imodzi yomweyo ina imalembedwa kuyamba ndi +265, pena 265, pena 0, nde musanachotse obwereza muyenera kuzifananitsa kaye, apo ayi munthu mmodzi asanduka atatu.

Pali mtsutso umene akatswiri sanagwirizanepo mpaka pano, woti kodi ma log azisinthidwa akamalowa kapena azisungidwa mmene alili nkumadulidwa pa nthawi yofunsa. Osintha polowa amati malo osungira amachepa, kufufuza kumafulumira, ndipo zachinsinsi sizifika nkomwe pa disiki. Enawo amati chimene mwataya lero ndi filter simungachibweze, tsiku lina kukachitika zachinyengo mudzafuna mzere womwe uja munauona ngati zinyalala, komanso ngati split yanu inali yolakwika kwa miyezi itatu mulibe pobwerera kuti mukonze. Ambiri amadutsa pakati, amasunga fayilo yoyambirira atapanikiza ndi gzip kwa nthawi imene agwirizana, pomwe zosefedwazo ndi zimene zimapita ku lipoti.

Kaya mwasankha mbali iti, mizere yosamveka idzabwera basi. Magetsi akathima makina ali mkati molemba, mzere womaliza umatsala theka, nthawi ilipo koma vocha ndi IP palibe, ndipo pulogalamu ikagwa imatha kulemba uthenga umodzi pa mizere yambirimbiri yomwe ilibe nthawi kutsogolo. Nde musanatole chidutswa chilichonse yambani mwafunsa len, ngati zidutswa sizinakwane 7 mzere umenewo upite ku mndandanda wina wa zokanika, osangoutaya mwakachetechete. Pamapeto onani kuti zokanikazo zilipo zingati poyerekeza ndi zonse. Zikakhala ziwiri zitatu ndi za magetsi zija, koma zikachuluka mwadzidzidzi ndiye kuti wina wasintha kalembedwe ka log, mwina pulogalamu yalandira update, ndipo manambala a malo aja muyenera kuwaonanso.